Siteshoni ya Chipoka ndi phunziro lake kwa anthu a ku Neno

Pa njanji yonse imene idayalidwa m'dziko la Malawi, kuyambira ku Marka m'malire a kumwera mpaka ku Mchinji, pali malo amodzi okha pamene sitima ya pamtunda imafika pa gombe la nyanja, kotero kuti munthu angathe kutsika m'bogi ndi kukakwera sitima ya pamadzi osafuna galimoto. Malowo ndi Chipoka, m'boma la Salima, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa tauni ya Salima. Njanji yofika pamenepo idatsegulidwa m'chaka cha 1935, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Chipoka linkadziwika kwa ana a sukulu ndi kwa amuna a ulendo ochokera ku Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay ndi Karonga. Lero njanjiyo ikalipo ndipo sitima za katundu zimadutsapo, koma sitima ya anthu idaleka kale kufikako, ndipo mwana wobadwira pa Chipoka angathe kumaliza sukulu asadaonepo tikiti ya sitima.

Munthu wa ku Neno angafunse kuti za ku Salima zikumkhudza bwanji, popeza kwao kulibe nyanja. Zikumkhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba nchakuti ntchito imene Chipoka ankagwira, yolumikiza nyanja ndi mtunda, idayambira pa Matope, m'boma la Neno momwemo. Chachiwiri nchakuti m'zaka zaposachedwapa njanji yatsopano yadutsa pakati pa minda ya anthu a ku Neno, ndipo chimene chidagwetsa Matope ndi Chipoka chingathe kuonekanso kumeneko. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja cha ku Mangochi umayenda mofatsa, kudzera m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde, mpaka pa Matope. Kuchokera pamenepo umayamba kugwa pa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo palibe chombo chimene chingadutsepo. Motero Azungu oyamba amene ankafuna kufikitsa sitima kunyanja ankaziphwasula kumunsi kwa mathithi, nasenzetsa amtengatenga zitsulo zake, ndi kukazilumikizanso kumtunda. Umo ndi m'mene Ilala yoyamba, imene idabwera ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws, idalowera m'nyanja mu Okutobala 1875. Patapita zaka 10, mu 1885, amishoni a U.M.C.A. adalumikiza sitima yao ya Charles Janson pa Matope penipeni. Kampani ya Mandala nayo idali ndi malo ake pamenepo, ndipo katundu wopita kunyanja kapena wochokera kumeneko ankadzera pa doko limeneli, ali pamitu pa anthu oyenda pansi pakati pa Matope ndi Blantyre.

Ulemerero wa Matope sudakhalitse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja adayamba kutsika chaka ndi chaka, sitima zidayamba kutitimira mumchenga, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja idaleka kuthira madzi mu Shire monga mwa nthawi zonse. Doko lidafa osati chifukwa cha kulakwa kwa anthu a pamalopo. Katundu amene ankadzerapo sadali wao, ndipo eni ake ataona kuti njira yatsekeka adafuna njira ina.

Kumunsi kwa mtsinje zinthu zidayenda chimodzimodzi. Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, idakonzedwa kuti iyambire pa Chiromo, koma poona kuchepa kwa madzi adaiyambitsa pa Port Herald, pamene lero ndi Nsanje, ndipo idafika ku Blantyre mu 1908. Madzi atachepanso pa Port Herald, njanji idatalikitsidwa mpaka pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi, m'dziko la Apwitikizi. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia yochokera cha ku Beira idafika tsidya lina la mtsinjewo, ndipo anthu ndi katundu ankaoloka pa chombo. Potsiriza, mu 1935, udatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, pakati pa Sena ndi Mutarara. Wowerenga aone kuti nthawi iriyonse pamene njanji inkasuntha, malo ena ankakwera ndipo ena ankasiyidwa.

Chipoka adabadwa m'chaka chomwecho cha mlatho. Kampani ya Nyasaland Railways idatalikitsa njanji kuchokera ku Blantyre, kuoloka Shire pafupi ndi Matope, kudzera pa Balaka ndi m'munsi mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza, mpaka ku Salima. Cholinga poyamba chidali kukafika ku Domira Bay, koma ntchitoyo idathera pa Salima, ndipo doko la njanji lidakhala Chipoka. Chodabwitsa nchakuti m'nyengo yomweyo madzi a m'nyanja adakweranso ndipo Shire adayambanso kuyenda, koma Matope adali atalandidwa kale ntchito yake.

Funso limene ana a sukulu safunsidwa kawirikawiri pa mayeso ndi lakuti njanjiyi idamangidwira yani. Katswiri wa mbiri yakale, Leroy Vail, m'nkhani imene adalemba mu 1975, adasonyeza kuti njanji ya Trans-Zambezia ndi mlatho wa pa Zambezi zidamangidwa makamaka kaamba ka zofuna za Britain: kulimbitsa mphamvu zake m'dera la Beira, ndi kupezera msika mafakitale a zitsulo a kwao m'nyengo imene ntchito zidasowa kumeneko. Koma ngongole yake idasenzetsedwa boma la Nyasaland, ndiye kuti msonkho wa nyumba umene anthu a m'midzi ankapereka. Ndalama zimene zikadamanga sukulu ndi zipatala zinkathera ku chiongoladzanja. Kuonjeza apo, njanji ya kumpotoyo idadzera kuchigwa, kutali ndi minda ya fodya ya ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, motero katundu amene ankayembekezeka sadabwere wochuluka. Padapita zaka 44 kuti njanji ichoke pa Salima ndi kukwera ku Lilongwe.

Ngakhale zidali choncho, anthu adaipezera ntchito siteshoni imene sadaipemphe. Kampani ya njanji ndiyo inkayendetsanso sitima za panyanja, ndipo ulendo wa pamadzi ndi wa pamtunda unkakomana pa Chipoka. Mpasa inkanyamula katundu. Vipya idali yonyamula anthu, koma idamira ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 pafupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi Chitimba, ndipo anthu 145 adatsikira kulichete. Mu 1951 idayamba ulendo Ilala yachiwiri, imene kwa zaka zambiri inkaima pa Chipoka popita kumpoto ndi pobwerera. Tsiku la sitima linkakhala tsiku la msika. Mpunga wa kunyanja, nsomba zouma, thonje ndi mtedza zinkakwera m'ngolo. Mchere, nsalu, palafini ndi malata zinkatsika. Ana opita ku sukulu za sekondale za kumwera ankadzera pamenepo ndi masutikesi ao a chitsulo, ndipo amuna obwerera kuchokera ku Salisbury ndi ku Joni ankadikira pamenepo sitima yowafikitsa kwao. Amai ogulitsa zakudya, anyamata onyamula katundu, ndi eni nyumba zogona alendo, onsewa ankadya za siteshoni.

Dziko litalandira ufulu, njanji idapitirira kukula. Mu 1970 idatsegulidwa njanji yochokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikizana ndi doko la Nacala. Mu 1979, ndi chithandizo cha dziko la Canada, njanji idafika ku Lilongwe, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. M'masiku amenewo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko muno ankadzera pa njanji za ku Mozambique. Kenaka nkhondo idabuka kumeneko. Zigawenga za Renamo zidatseka njira ya ku Beira mu 1983 ndi ya ku Nacala mu 1984, ndipo mu 1986 zidaphulitsa mlatho wa Dona Ana. Anthu a ku Neno amaikumbukira bwino nkhondo imeneyi, pakuti othawa kwao adadzaza misasa ya ku Luwani ndi madera ena a ku Lisungwi.

Tsoka la ena lidakhala mwai wachiwiri wa Chipoka. Boma lidafuna njira yatsopano yodzera ku Dar es Salaam: katundu azibwera mpaka ku Mbeya, alowe m'dziko muno cha ku Karonga, akwere sitima pa Chilumba, atsike pa Chipoka, ndi kupitirira pa njanji. Sitima ya mafuta ya Ufulu ndi sitima ya makontena ya Katundu zinkagwira ntchito imeneyi. Koma mwai umenewu nawonso udachokera kutali. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, njira za ku Mozambique zidayamba kutseguka, ndipo amalonda sadaonenso chifukwa chotsitsira ndi kukwezera katundu katatu pa ulendo umodzi.

Kuchokera pamenepo mavuto adatsatana. Msewu wa phula wa m'mbali mwa nyanja udapatsa anthu ulendo wa tsiku limodzi m'malo mwa masiku angapo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maminibasi adachuluka ponseponse. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji cha ku Chiromo. Mu 1999 boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa mwamalonda. Mu 2003 madzi adakokolola mlatho wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka, ndipo kwa zaka ziwiri sitima sizidathe kupita kumpoto. Sitima ya anthu yochokera ku Limbe idayamba kumathera pa Bilila. Padoko napo mchenga unkaunjikana, ndipo m'zaka za madzi ochepa sitima zazikulu zinkalephera kukocheza. Palibe tsiku limene munthu angaloze kuti pa tsiku ili Chipoka adatsekedwa. Siteshoni idangozirala pang'onopang'ono, monga umo uziralira moto umene palibe wousonkhezera.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa chinthu chimodzi. Matope ndi Chipoka adali malo odutsirapo katundu wa eni ake. Adakwera pamene anthu a kutali adawafuna, ndipo adagwa pamene anthu omwewo adapeza njira yachidule. Siteshoni imakhalitsa ngati anthu a m'dera lake ali ndi zao zokweza m'sitima, msewu wozifikitsira pamenepo, ndi mau pa kayendetsedwe kake. Zitatuzi zikasowa, siteshoni imakhala ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

Pali ena amene angatsutse maganizo amenewa, ndipo mfundo zao nzoyenera kuzimvera. Iwo amati sitima ya anthu imadya ndalama zambiri kuposa zimene imabweretsa, ndi kuti munthu wochoka pa Chipoka kupita ku Blantyre amafika msanga pa basi kusiyana ndi pa sitima imene inkaima paliponse. Amatinso njanji imakonzedwa ndi ndalama za katundu wolemera, osati ndi matikiti a mlimi wonyamula thumba limodzi la chimanga. Zonsezi nzoona, ndipo kulira chabe chifukwa cha zakale sikungayendetse injini. Koma msewu wa phula nawo subweza ndalama zake pa tsiku, ndipo palibe amene amanena kuti utsekedwe. Boma limaumanga chifukwa limadziwa kuti phindu lake limaonekera m'misika, m'zipatala ndi m'sukulu. Komanso mtengo wa mafuta ukakwera, kapena mafutawo akasowa, wosauka ndiye amayamba kutsika m'basi. Mu 2024, pamene sitima ya mafuta idafika ku Lilongwe kuchokera ku Nacala patapita zaka zoposa 20, dziko lonse lidakondwera, chifukwa lidaona kuti njanji imene idanyozedwa ndiyo yotsika mtengo. Sitimayo idadzera pa Chipoka.

Ngakhale ku Britain, kumene njanji idabadwira, adalakwitsapo chimodzimodzi. Lipoti la Dr Richard Beeching la mu 1963 lidalangiza kutseka masiteshoni oposa 2,000 pa chifukwa chakuti sankapindulitsa, ndipo ambiri mwa iwo, kuphatikizapo a m'matauni a m'mbali mwa nyanja, adatsekedwadi. Koma ku Scotland njanji ina imene idatsekedwa mu 1969 idatsegulidwanso mbali yake mu 2015, anthu a m'deralo atalimbikira kupempha kwa zaka zambiri. Iwo adapambana chifukwa adasunga mbiri ya njanjiyo ndipo adali ndi ziwerengero zosonyeza kuti okwera alipo.

Tsono nkhani ifike ku Neno. Kuyambira mu 2012 kampani ya Vale ya ku Brazil idamangitsa njanji yatsopano yotalika makilomita oposa 130, yolowa m'dziko muno pa Kachaso m'boma la Chikwawa, kudzera m'maboma a Mwanza ndi Neno, mpaka pa Nkaya. Imeneyi ndi mbali ya njira ya makilomita 912 yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kupita ku doko la ku Nacala, ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Anthu adasamutsidwa m'minda mwao kuti njanji idutse, ndipo anyamata ambiri adapezako ganyu pa nthawi yomanga. Sitima zimene anthu a ku Neno amaziona kawirikawiri ndi zazitali za malasha, zopita zodzaza ndi kubwerera zopanda kanthu. Monga pa Matope mu 1885 ndi pa Chipoka mu 1935, katundu wodutsayo ngwa eni ake.

Malasha sadzakhala mpaka muyaya. Mgodi uliwonse umatha, ndipo maiko ambiri ayamba kuchepetsa kugwiritsa ntchito malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Kampani ya Vale yomwe idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan mu 2022, patangopita zaka 5 chitsegulire. Tsiku limene ngolo yotsiriza ya malasha idzadutse, njanji ya ku Neno idzanyamula chiyani? Ngati yankho lidzayambe kufunidwa tsiku lomwelo, ndiye kuti mochedwa, ndipo ana a ku Neno adzaona zimene aona ana a ku Chipoka, zitsulo za dzimbiri m'kati mwa udzu.

Koma Neno si boma losauka pa zokolola. Kumtunda, cha kwa Dambe ndi ku Nsambe, kumachokera mbatata ya kachewere ndi tirigu. Manachesi a ku Neno ndi Mwanza amadziwika m'misika ya dziko lonse. Kuchigwa cha Lisungwi kuli thonje, nandolo ndi ziweto. Magetsi ochuluka a dziko lino amapangidwa pa Nkula ndi pa Tedzani, m'malire a boma lomweli. Chimene chakhala chikusowa chikhalire boma la Neno lidapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndi njira. Kwa zaka zambiri alimi akhala akugulitsa zokolola zao motchipa kwa mavenda chifukwa cha kuipa kwa misewu m'nyengo ya dzinja, ndipo zipatso zina zimaolera pansi pa mtengo.

Motero zimene mafumu, makhansala ndi aphungu a ku Neno ayenera kulimbikira ziri poyera. Pafunika malo okhazikika pamene sitima ingaime ndi kukweza anthu ndi zokolola, okhala ndi nyumba yosungiramo katundu ndi tsiku lodziwika la ulendo. Pafunika msewu wabwino wochokera kumtunda kufika pamalo amenewo. Pafunikanso kuti alimi asonkhane m'magulu, popeza kampani siingaimitse sitima chifukwa cha matumba 10, koma ingaimitse chifukwa cha ngolo yodzaza. Ndipo mapangano a pakati pa boma ndi makampani oyendetsa njanji aziwerengedwa poyera ndi kumasuliridwa m'Chichewa, kuti anthu adziwe chimene adalonjezedwa posinthana ndi minda yao.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lao, ndipo silifuna ndalama. Injini zakale ziripo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, makalata a boma ali ku National Archives ku Zomba, ndipo ku Mangochi kuli chikumbutso cha anthu amene adamira ndi Vipya. Koma mbiri ya wogulitsa matikiti, ya woponya malasha m'ng'anjo ya injini, ya amai amene ankaphika nsima pa siteshoni, iri m'mitu mwa nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka. Mphunzitsi wa ku Matope angathe kutenga ana ake kukaona pamene padali doko, nawauza kuti sitima zochokera kunyanja zinkakocheza pamenepo. Wa ku Chipoka angathe kutuma ana kukafunsa agogo ao mtengo wa tikiti, masiku a sitima, ndi chaka chimene adakwera komaliza. Wa ku Lisungwi angathe kulembetsa ana za m'mene njanji yatsopano idadzera, minda ya yani idatengedwa, ndi zimene anthu adauzidwa, zinthuzi zisadaiwalike. Kope limodzi lolembedwa bwino lingadzakhale umboni pa bwalo la mawa.

Kwa anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu ndipo akudikira ntchito, nkhani ya Chipoka ndi chenjezo. Ntchito imene imabwera ndi kontilakitala imapita ndi kontilakitala. Imene imakhalitsa ndi yochokera m'nthaka ya kwao ndi m'luso la manja ao: kusonkhanitsa zokolola, kuzisanja, kuzisunga, ndi kuzipezera msika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Achinyamata otere akachuluka, ndi iwo amene adzakhale ndi mphamvu yopita kwa kampani ndi kwa boma, ali ndi ziwerengero m'manja, kukanena kuti pa malo akutiakuti sitima iziima.

Chipoka sadafe kotheratu. Nyanja iripo, njanji iripo, ndipo tsiku lina sitima ya anthu ingathe kuimanso pamenepo ngati anthu a ku Salima ndi a m'mbali mwa nyanja adzaifune ndi mtima wonse. Koma iwo akuyenera kudzutsa chimene chidagona. Anthu a ku Neno ali ndi mwai woposa umenewo, pakuti njanji yao ikadali yatsopano, yolimba, ndipo pali wolipira kukonza kwake. Nthawi yopempha siteshoni ndi ino, pamene sitima zikudutsa.